Osakhulupirira nkhope, yang'anani chombo

Anzanga okonda kanema m'nyumba za vidiyo, kuchokera pa Nayuchi mpaka pa Balaka, ambiri mumasankha filimu poona nkhope yomwe ili pachikuto. Ine ndikuti pa mafilimu a zam'mlengalenga, nkhope imapusitsa.

Taonani Chiwetel Ejiofor, uja anayankhula Chichewa ngati bambo a William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind mu 2019. Mu 2005 anali chigawenga cha boma chosaka chombo mu Serenity. Mu 2015 n'kukhala bwana wa ku NASA mu The Martian. Mukalipira pakhomo poganiza kuti nkhani ija ikupitirira, ndalama yanu yapita.

Chomwe chimanyamula nkhani ndi chombo. Enterprise ya Star Trek, yomwe anajambula Matt Jefferies, inaoneka pa wailesi yakanema mu 1966: mbale yozungulira kutsogolo, mainjini awiri ataliatali kumbuyo. Mu 1987 inabwera ina yaikulu, anthu ake atsopano, koma mbale ili pomwepo. Mu 2009 Kirk anakhala Chris Pine, Spock n'kukhala Zachary Quinto, ndipo Leonard Nimoy anangobwerera ngati Spock wokalamba. Mbale ija anaipukuta chabe, kuichotsa ayi.

Si chikondi chokha, ndi malonda. Inu a mumsika mukudziwa mmene kasitomala amakaikira sopo akangosintha pepala. Ngakhale Star Wars itabwerera mu 2015, anayamba aonetsa Millennium Falcon, Harrison Ford n'kutulukira pambuyo pake.