Ndinakwera mapiri a ku Thyolo kukafuna chilankhulo cha agogo

Ku India kuli kamudzi ka m'mapiri kotchedwa Landour, pafupi ndi tawuni ya Mussoorie. Kwa zaka zoposa 100, alendo akhala akukwera kumeneko, mamita oposa 2,000 m'mwamba, kukaphunzira Chihindi pa Landour Language School. Akatuluka m'kalasi, chilankhulocho amakumana nacho pamsewu, m'sitolo ndi pogula tiyi.

Nditamva zimenezi, manyazi anandigwira. Anzathu akulipira ndege kukaphunzira chilankhulo cha eni, pomwe ine, mwana wa Chilomwe wa digiri yake, moni weniweniyu sindimatha kupereka m'chilankhulo cha agogo anga. Chomwe ndinkadziwa ndi mfuwu ija ya "Alhomwe, Alhomwe, noophiya!" basi.

Sindili ndekha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndi pafupifupi anthu 19 pa 100 alionse m'Malawi, achiwiri kwa Achewa. Koma kalembera wa 1998 anali ataonetsa kale kuti olankhula Chilomwe pakhomo sankafika ngakhale atatu pa 100.

Zinatheka bwanji? Makolo athu ambiri anachokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Anakhazikika m'minda ya azungu ku Mulanje ndi Thyolo, komwe ankalipira malo ndi thukuta lawo, ntchito ija ya thangata. Ankanyozedwa ndi dzina lachipongwe, ndiye ambiri anayamba kubisa chilankhulo chawo kuti ana asamasekedwe. Pomwe Chichewa chinkakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, Chilomwe chinali chitathawira kale kukhitchini.

Ndiye nditapeza tchuthi, ndinanyamula chikwama n'kupita kwa agogo, kuseri kwa minda ya tiyi, komwe netiweki imagwira ukakwera pachulu. Tinagwirizana lamulo limodzi: kuyambira m'mawa mpaka nsima ya masana, Chichewa ayi. Ndikachilankhula, iwo ankangoyang'ana kumbali ngati wadutsa ndi mphepo.

Sabata yoyamba inali yowawa, abale. Ndinkaloza zinthu ndi chala ngati khanda. Ana a panyumba yoyandikana ankandiseka mpaka kugwa pansi. Koma njala ndi ludzu ndi aphunzitsi okhwima: mawu a madzi, moto, mchere ndi nkhuni analowa okha. Chiperoni chikatitsekera m'nyumba, tinkakhala pamoto kudikira kalongonda, amene amafuna kuwiritsidwa tsiku lathunthu n'kumataya madzi, agogo akusimba za amayi awo omwe ankathyola tiyi dengu lili kumsana. Ndinkatolapo mawu awiri kapena atatu, mawa lake asanu.

Ndinadziwanso kuti Chilomwe si chimodzi. Kuli Chimihavani, Chikhokhola, Chitakhwani ndi zina, ndipo agogo sankachedwa kundidzudzula ndikasakaniza.

Gulu la Mulhako wa Alhomwe, lomwe linayamba mu 2007, limasonkhanitsa anthu kwa Chonde ku Mulanje chaka ndi chaka, ndipo gule wa tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Zonsezi n'zonyaditsa. Koma chilankhulo sichikhala pansalu yovala tsiku limodzi pachaka. Chimakhala pamtondo, pachitsime ndi pamaliro.

Ngati nanunso mukufuna kuyesa, musadikire sukulu. Pitani kumudzi kwa masabata angapo, osati Loweruka lokha. Sankhani maola oletsa Chichewa ndi Chingerezi. Gwirani nawo ntchito, chifukwa mawu amamatirira pa chinthu chimene chili m'manja. Foniyo isakhale ya TikTok yokha: pemphani chilolezo, jambulani mawu a akuluakulu, madzulo muzimvetsera.

Sindinabwereko katswiri. Koma tsiku lonyamuka ndinatsanzika m'Chilomwe, chothyokathyoka chomwecho. Agogo anaseka, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Masiku ano ndikawaimbira foni, Chichewa amachikana. Ndipo ndimaimba pafupipafupi, chifukwa mphunzitsi wangayu zaka zapita.