Ngumbi si ndiwo ya amphawi

Mvula yoyamba ikangogwa, misika ya m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono imasintha maonekedwe. Pakati pa milu ya tomato, usipa ndi bonya pamayamba kuoneka malichero a ngumbi zonyezimira mafuta, ndipo mphalabungu zouma nazo sizichedwa kufika.

Ogula sasowa. Koma mukaonetsetsa, ena amagula mozemba ngati akuba, kuopa kuti anzawo a kuntchito angawaone. M'makomo ena ana obadwira m'tauni amati akaona mbale ya mphalabungu amakwinya nkhope, makolo n'kumaseka poganiza kuti kumeneko ndiye kutsogola.

Chodabwitsa n'chakuti pomwe ife tayamba kuchita manyazi ndi ndiwozi, maiko olemera ali kalikiliki kuphunzira kuzidya. M'chaka cha 2021 bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union lidaloleza kugulitsa dzombe ngati chakudya cha anthu, ndipo mu 2022 lidalolezanso mtundu wina waung'ono wa nkhululu. Nalo dziko la Singapore lidavomereza mitundu 16 ya tizilombo todyedwa mu 2024.

Kodi iwo aonamo chiyani chomwe ife tikufuna kutaya?

Chuma cha makolo

Kwa Mmalawi, ngumbi si kachilombo. Ndi ndiwo basi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi dzina lake komanso nyengo yake. Pali ngumbi, zomwe ena amati inswa, mafulufute, nkhululu zokumba pansi, nyenje, nkhunguni za m'mitengo, ziwala, dzombe, bwannoni, matondo, kawichi ndi mphalabungu.

Kugwira ndiwozi ndi luso. Odziwa amaona chulu kuti chatsala pang'ono kutulutsa, amachikonza, kukumba kadzenje ndi kuchifunda ndi udzu kuti ngumbi zikamatuluka zizigwera malo amodzi. M'tauni ana amangotchera beseni la madzi pansi pa getsi. M'midzi yambiri chulu chili ndi mwini wake, ndipo kukatchera pa chulu cha munda wa eni popanda kupempha ndi mlandu.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja, makamaka cha ku Nkhata Bay ndi Likoma, ali ndi nkhungu, timouluka ting'onoting'ono tomwe timatuluka m'madzi n'kumaoneka ngati utsi patali. Tikafika kumtunda anthu amatikola ndi madengu, kutiumba ngati zigumu n'kutiumitsa. David Livingstone adalawa chakudyachi pomwe ankayendera nyanjayi mu 1861 ndipo adachitchula m'buku la ulendo wake.

Katswiri wina wa ku Britain woona za chikhalidwe cha anthu, Brian Morris, yemwe adakhala zaka zambiri m'dziko muno, adafika polemba buku lathunthu mu 2004 lofotokoza ubale wa Amalawi ndi tizilombo, kuphatikizapo todyedwa. Zomwe agogo athu ankangozidziwa pamtima, ena amakaziwerenga kuyunivesite.

Ndipo si ife tokha. Lipoti lomwe nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi ya FAO idatulutsa mu 2013 lidati anthu osachepera 2 biliyoni padziko lapansi amadya tizilombo ta mitundu yoposa 1,900. Ku Uganda bwannoni amamutcha nsenene ndipo ndi malonda otentha mumzinda wa Kampala. Ku Zimbabwe kuli madora, pomwe ku Botswana mphalabungu za m'mitengo ya tsanya amazilemekeza mpaka adazijambula pa ndalama yachitsulo ya 5 pula.

Muli chiyani m'mbalemo?

Achipatala amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ngumbi ndi mphalabungu zili m'gulu limodzi ndi nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Ili ndi gulu lomwe limasowa kwambiri m'makomo ambiri kaamba ka kukwera mtengo kwake.

Zotsatira za kusowaku zimaoneka pa ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndipo ana 63 mwa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 adali operewera magazi. Mwa amayi a msinkhu wobereka, mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi vuto lomweli la magazi.

Mwana wopinimbira sikuti amangofupika msinkhu kokha ayi. Amadwaladwala ndipo nthawi zambiri zimamuvuta m'kalasi. Nsima yambiri ndi masamba owiritsa zimadzaza mimba, koma pazokha sizikwanira kumanga thupi la mwana yemwe akukula.

Apa ndi pomwe ndiwo zonyozekazi zimaonetsera mphamvu. Akatswiri omwe adayeza mphalabungu zouma za mtundu wa ku tsanya adapeza kuti pafupifupi theka la kulemera kwake, mwinanso kuposerapo, ndi zomanga thupi. Lipoti la FAO lija lidati magalamu 100 a mphalabungu zoumazi amakhala ndi mamiligalamu 31 mpaka 77 a ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, pomwe nyama ya ng'ombe youma yolemera chimodzimodzi imakhala ndi mamiligalamu 6 okha.

Ngumbi nazo zili ndi zomanga thupi zochuluka komanso mafuta ambiri opatsa mphamvu. N'chifukwa chake mayi wodziwa kuphika sathira mafuta pokazinga ngumbi, zimadzikazinga zokha.

Nyengo yomwe ndiwozi zimapezeka nayo ndi yofunika kuiganizira. Zimabwera kuyambira cha mu Novembala mpaka miyezi yoyambirira ya chaka, nthawi yomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ntchito ya kumunda itachuluka, ndalama zitathera ku feteleza ndi fizi. Chilengedwe chimapereka ndiwo pa nthawi yeniyeni ya usiwa.

Mayi yemwe ali ndi mwana woti wakwanitsa miyezi 6 ndipo wayamba kudya phala angathe kukazinga ngumbi kapena mphalabungu zouma bwino, kuzisinja, kuzisefa n'kumathira kasupuni ka ufawo m'phala, monga momwe amachitira ndi nsinjiro kapena ufa wa usipa. Kuyamwitsa kupitirire monga mwa malangizo a kusikelo.

Ubwino wake ku chilengedwe

Chomwe chakopa maiko a kunja kwambiri ndi nkhani ya chilengedwe. Malinga ndi FAO, kuti ng'ombe ionjezere kilogalamu imodzi pa thupi lake imafuna chakudya cholemera makilogalamu 10, nkhumba imafuna 5, nkhuku 2.5, pomwe nkhululu zoweta zimafuna makilogalamu 1.7 okha.

Kuonjezera apo, pa ng'ombe timadyapo magawo 40 okha mwa 100, kwinako ndi mafupa, chikopa ndi zina, pomwe pa nkhululu magawo 80 amalowa m'kamwa. Tizilomboti sitifuna malo aakulu odyetserako kapena madzi ambiri, komanso timatulutsa mpweya wochepa woononga mlengalenga. Lipoti lina la FAO la mu 2013 lidati ziweto zinkathandizira magawo 14.5 mwa 100 a mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku ntchito za anthu.

Komabe tisanamizane. Mmalawi wamba sadya nyama yochuluka moti n'kumuuza kuti achepetse. Kwathu kuno phindu la ndiwozi ku chilengedwe lagona pena: mphalabungu zimafuna mitengo yamoyo. Zimadya masamba a mitengo yachilengedwe monga mombo ndi mtondo, yomwenso ndi imene ikutha ndi makala. Mtengo ukaotchedwa makala umapereka ndalama kamodzi kokha, koma ukasiyidwa umabereka ndiwo chaka ndi chaka.

Phunziro la ku Kasungu

Umboni wa izi uli konkuno. Kwa zaka zambiri anthu ozungulira nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu sankaloledwa kutengamo kanthu, ndipo udani pakati pa iwo ndi oyang'anira nkhalangoyo udali waukulu. Kunja kwa nkhalango mitengo yambiri idali itagwetsedwa potsegula minda ndi esiteti za fodya, kotero mphalabungu zidatsalira mkati.

Mu 1990 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire idayamba kulola anthu ena a m'midzi yozungulira kulowa kukatola mphalabungu komanso kupachika ming'oma ya njuchi. Akatswiri awiri a m'dziko muno, a Munthali ndi a Mughogho, adalemba mu 1992 kuti phindu la ntchito ziwirizi linkaposa lomwe alimi ang'onoang'ono a m'deralo ankapeza pa chimanga, nyemba ndi mtedza.

Iwo adaonanso kuti nthawi yotentha tchire ili ndi gawo lalikulu. Moto wa msanga, udzu usanaumitsitse, sumaononga kwambiri, koma moto wolusa wa m'chilimwe umapsereza masamba ndi mazira, mphalabungu n'kuchepa. Mnyamata yemwe amayatsa tchire mu Okutobala pofuna mbewa zochepa amakhala akuotcha ndiwo za mudzi wonse.

Anzathu a mtundu wa Abisa m'boma la Mpika ku Zambia ali ndi mwambo wotetezera chumachi. Kumeneko mafumu ndiwo amalengeza tsiku loyamba ndi lotsiriza kutola mphalabungu, ndipo wotola nthawi isanakwane amalipitsidwa. Cholinga n'chakuti zikule kaye, komanso zina zitsale, zilowe m'nthaka kuti chaka chamawa kudzakhalenso mbewu.

Kwathu kuno kuli mchitidwe woipa wogwetsa mtengo wonse pofuna mphalabungu zomwe zili kunsonga. Kumeneko ndi kupha nkhuku yoikira chifukwa cha dzira limodzi. Kugwedeza nthambi kapena kudikira kuti zitsike zokha n'kokwanira.

Chenjezo pang'ono

Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Ndiwozi zili ndi malamulo ake, ndipo loyamba ndi lokhudza mankhwala.

Masiku ano minda yambiri imapoperedwa mankhwala ophera mbozi, ndipo anthu ena amathira mankhwala m'chulu pofuna kuthana ndi chiswe. Ziwala za m'munda wopopera kapena ngumbi za chulu chothiridwa mankhwala zingathe kudwalitsa banja lonse. Chimodzimodzinso dzombe: madambo a nyanja ya Chilwa ndi amodzi mwa malo omwe dzombe lofiira limaswana, ndipo likachuluka akuluakulu amapopera mankhwala. Dzombe lotola litafa kale kapena lofooka pambuyo pa kupopera lisadyedwe.

Lachiwiri ndi ukhondo. Mphalabungu zifinyidwe, zitsukidwe, ziwiritsidwe ndi mchere kenaka ziyanikidwe pa thandala kapena pa mphasa yoyera, osati pa dothi. Zikasungidwa zisanaumitsitse zimachita chuku, ndipo zachuku n'zoyenera kutaya. Zogula pamsika, ngakhale zioneke zokazinga kale, ndi bwino kuzibwezera pamoto musanapatse ana chifukwa zimakhala zagwiridwa ndi manja ambiri komanso zaterapo ntchentche.

Ziwala ndi dzombe zichotsedwe miyendo ndi mapiko. Timinga ta kumiyendo sitigayika ndipo tingathe kutseka m'matumbo, makamaka mwa ana.

Pomaliza, pali anthu ena omwe thupi lawo siligwirizana ndi ndiwozi, makamaka omwe amatupa kapena kuyabwa akadya nkhanu. Munthu akayamba zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika atadya, athamangire naye kuchipatala. Ndipo mtundu womwe akuluakulu a m'dera lanu sadya, inunso musauyese. Mnunkhadala ndi chiwala ndithu, koma si onse amamuika m'mbale.

Malonda a mawa

Mabungwe ofufuza, monga la icipe lomwe likulu lake lili ku Nairobi m'dziko la Kenya, akhala akuphunzitsa alimi kuweta nkhululu zodya anthu komanso mphutsi za mtundu wina wa ntchentche yakuda zodyetsera nkhuku, nkhumba ndi nsomba. Mphutsizi zimadya zinyalala zowola za kumsika ndi kukhitchini, ndipo zotsalira zake ndi manyowa. Kwa woweta nkhuku yemwe akulira ndi mtengo wa soya ndi usipa, iyi ndi nkhani yoti aitchere khutu.

Koma ngakhale tisanafike poweta, pali zomwe tingachite lero. Amayi ogulitsa ndiwozi angapindule kwambiri ataziumitsa bwino, kupeta mapiko ndi mchenga wonse n'kuzivundikira pamsika. Mafumu ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi angaike malamulo a nthawi yotentha tchire ndi yotola mphalabungu. Makolo nawo aleke kuuza ana kuti ngumbi ndi zachimidzi, pomwe akuwagulira tokazinga ta m'mapaketi topanda chomanga thupi.

Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Kuthetsa kupinimbira kwa ana sikudzachitika tsiku limodzi, ndipo ngumbi pazokha sizingakwanitse. Koma supuni imodzi m'phala la mwana lero, ndi mtengo umodzi wa mtondo wosiyidwa uli chiimire kumunda, ndi kudumpha komwe banja lililonse lingathe popanda kudikira thandizo la kunja.