Kodi gule wa zaka zoposa 140 amakumbukiridwa bwanji?

Nyimbo imalembedwa papepala, nthano imasungidwa m'buku. Nanga gule? Wovina akadumpha n'kutera, kudumphako kwatha basi, palibe chotsala choti munthu atole n'kusunga m'bokosi. Komatu, ana inu, ku Russia, ku Britain, ku America ngakhalenso ku South Africa anthu amagula matikiti chaka ndi chaka kukaonera gule wina amene anayamba kuvinidwa mu 1877. Dzina lake ndi Swan Lake, ndipo ndi wa mtundu wotchedwa ballet.

Ballet ndi sewero lopanda mawu. Ovina salankhula ndipo sayimba. Nkhani yonse amaifotokoza ndi miyendo, mikono ndi nkhope, kwinaku gulu la oyimba ndi zipangizo likuwatsogolera. Nkhani ya Swan Lake imati mfiti ina, Rothbart, inalodza mtsikana wotchedwa Odette kuti masana azisanduka swan, mbalame yoyera ya khosi lalitali yofanana ndi tsekwe, ndipo azikhalanso munthu usiku wokha. Mwana wa mfumu, Siegfried, anamupeza m'mbali mwa nyanja n'kulumbira kuti sadzakonda wina. Mfitiyo inachenjera: inabweretsa mwana wake Odile, wofanana ndi Odette ndendende, ndipo mnyamatayo anapusitsika.

Nyimbo zake anapeka ndi Pyotr Tchaikovsky. Guleyu anaonetsedwa koyamba mumzinda wa Moscow, m'nyumba ya zisudzo ya Bolshoi, koma mavinidwe a nthawi imeneyo, okonzedwa ndi Julius Reisinger, sanakhalitse. Anavinidwa zaka zingapo kenaka anaiwalika. Tchaikovsky anamwalira mu 1893 asanaone gule wake atatchuka. Mu 1895 akatswiri awiri, Marius Petipa ndi Lev Ivanov, anatenga nyimbo zomwezo n'kuzipekera mavinidwe atsopano ku St Petersburg. Pafupifupi Swan Lake aliyense amene akuvinidwa lero anachokera pa ntchito ya anthu awiriwa.

Tiyeni tione pafupi zinthu ziwiri zimene anasiya. Wovina wamkulu wa mu 1895 anali mayi wa ku Italy, Pierina Legnani, ndipo anali ndi luso lomwe anzake ambiri analibe. Povina mbali ya Odile ankaima pansonga ya zala za phazi limodzi, mwendo winawo n'kumaukupiza m'mbali kuti umupatse liwiro, n'kuzungulira ngati nguli maulendo 32 osapumira. Kuchokera apo aliyense wovina mbali ya Odile amayembekezeredwa kuchita zomwezo, moti oonerera ena amawerenga chamumtima kuti aone ngati afikitse. Chinsinsi chopewera chizungulire n'chakuti wovina amasankha malo amodzi kutsogolo kwake n'kuwayang'anitsitsa. Thupi likamazungulira mutu umatsalira pang'ono, kenaka umatembenuka mwachangu kuti maso apezenso malo aja.

Chachiwiri ndi gule wa tiana tinayi ta swan. Atsikana anayi amaima pamzere atagwirana manja mopingasa, n'kumayenda cham'mbali ndi timasitepe tachangu, mitu ikutembenukira mbali imodzi nthawi imodzi. Amavina pafupifupi mphindi imodzi ndi theka basi, koma mmodzi akangochedwa pang'ono onse asokonezeka, chifukwa palibe angathe kutaya dzanja la mnzake.

Tsopano funso lathu lija. Kalelo kunalibe mafoni ojambula, ndiye anasunga bwanji zonsezi? Njira yoyamba, yomwenso ikadali yaikulu mpaka lero, ndi ya munthu ndi munthu. Wovina akakula amasiya siteji n'kukhala mphunzitsi. Amaima kutsogolo kwa galasi lalikulu ndi wachinyamata n'kumamuonetsa kuti apa dzanja litsike chonchi, apa mutu upendeke, apa udikire nyimbo. Wachinyamatayo akadzakula adzaphunzitsanso wina.

Njira yachiwiri ndi yolemba. Wovina wina wa ku St Petersburg, Vladimir Stepanov, anakonza zizindikiro zolembera mayendedwe a thupi, zooneka ngati zija zolembera nyimbo. Magule ambiri a Petipa analembedwa motero. Boma la mafumu litagwa ku Russia mu 1917, Nicholas Sergeyev, amene ankayang'anira ntchito yophunzitsa magulewo, anachoka m'dzikomo atanyamula mapepala aja. Mu 1934 anawagwiritsa ntchito pophunzitsa Swan Lake ku London. Lero mapepalawo akusungidwa ku yunivesite ya Harvard ku America. Patapita nthawi Rudolf Benesh ndi mkazi wake Joan anatulutsa njira ina yolembera gule mu 1955, ndipo magulu ena akuluakulu a ballet amalemba ntchito munthu woti azikhala pambali ndi pensulo n'kumalemba sitepe iliyonse.

Ngakhale zili choncho, gule wodutsa m'matupi a anthu ambiri amasintha pang'onopang'ono. Lero aliyense amadziwa Odile ndi chovala chakuda, koma mu 1895 sankavala zakuda, zimenezo zinabwera pambuyo pake. Mathero nawonso anasinthidwa. Poyamba Odette ndi Siegfried ankadziponya m'nyanja n'kufa, koma m'nthawi ya Soviet Union magulu ena anakonza zoti Siegfried agonjetse mfiti ija, awiriwo n'kukhala mosangalala. Mu 2016 Alexei Ratmansky anawerenga mapepala a ku Harvard aja n'kukonza Swan Lake ku Zurich mofanana ndi wa 1895 mmene akanathera. Oonerera anadabwa kuona ovina sakukweza miyendo m'mwamba kwambiri monga tazolowera masiku ano, komanso akufotokoza zambiri ndi manja.

Apa m'pomwe okonda ballet amakanganirana akatuluka m'holo. Ena amati gule wakale asakhudzidwe, avinidwe mmene eni ake anamusiyira. Ena amati nyimbo za Tchaikovsky n'zokoma mokwanira kunyamula nkhani zatsopano. Mu 1995 ku London, Matthew Bourne anachotsa atsikana ovala zoyera ovina ngati swan n'kuika amuna osavala nsapato, zifuwa zili pamtunda, atavala mabuluku a nthenga. Iye anaona kuti swan si mbalame yofatsa ayi, ndi yamphamvu ndipo imalusa. Ena anakwiya, koma guleyo anayenda m'mayiko ambiri ndipo akuonetsedwabe. Mu 2010 Dada Masilo, mtsikana wobadwira ku Soweto, anakonza Swan Lake wakewake. Ovina ake, amuna ndi akazi omwe, anavala timasiketi toyera ta ballet koma mapazi ali pansi opanda nsapato, akupondaponda ndi kugwedeza chiuno monga mwa magule a ku Africa. Anakaonetsa ntchitoyi ku Ulaya ndi ku America. Masilo anamwalira mu December 2024 ali ndi zaka 39. Ine ndimaona kuti mkanganowu uli ndi yankho losavuta: Swan Lake amene ena amamutcha weniweni, wa 1895 uja, nayenso anali wokonzedwanso ndi anthu amene sanakhutire ndi woyamba.

Koma gule wa ku Russia anafika bwanji kutali chonchi? Anayenda ndi ovina. Wotchuka kwambiri pa oyendayenda anali Anna Pavlova, wobadwa mu 1881. Ndege zonyamula anthu zisanafale, iye ndi gulu lake ankakwera sitima zapamadzi ndi zapamtunda, atanyamula mabokosi a zovala ndi nsapato, kukavina ku India, ku Japan, ku Australia, ku South America ndi ku South Africa. Gule amene ankamudziwa naye anali wamfupi, wa swan yomwe ikufa, koma ameneyu si mbali ya Swan Lake ngakhale ambiri amasokoneza. Kunyumba kwake ku London ankaweta mbalamezi padziwe. Mu 1917 anavina mumzinda wa Lima ku Peru, ndipo m'gulu la oonerera munali mnyamata wotchedwa Frederick Ashton. Tsiku lomwelo mnyamatayo anatsimikiza mumtima kuti adzakhala wovina. Atakula anakhala mmodzi wa okonza magule otchuka kwambiri ku Britain, mpaka anatsogolera gulu la Royal Ballet.

Mwina mukufunsa za nsapato zija zoimira pansonga ya zala. Ambiri amaganiza kuti mkati mwake muli mtengo, koma ayi. Kumapeto kwake n'kolimba chifukwa cha nsalu ndi mapepala zomatidwa pamodzi ndi guluu. Wovina amasokerera yekha maliboni omangira, ndipo nsapato zikakhala zatsopano amazimenyetsa pansi kuti zisamagogode pasiteji. Thukuta ndi kutentha zimafewetsa guluu uja, moti wovina mbali ya Odette ndi Odile akhoza kutha peyala yonse usiku umodzi. Atsikana saloledwa kuzivala mpaka atafika zaka pafupifupi 11 kapena 12, ataphunzira kale kwa zaka zingapo, poopa kuvulaza mafupa a mapazi. Ndiye musayese kuima pazala kunyumba.

Chimene mungayese ndi gule wa anayi uja. Itanani anzanu atatu, imani pamzere, gwiranani manja mopingasa, mmodzi aziwerenga mokweza, ndipo muyende masitepe 16 kupita kumanja popanda wotaya dzanja. Mukatha, kaphunzitseni ena anayi, ndipo pakatha sabata mudzawaonere kuti mupeze zimene asintha.