MAI WOFUNA MWANA AYAMBE WAKWERA PA SIKELO

Kusowa mwana kwapasula maukwati ambiri kuno kum'mawa, kaya m'makomboni monga Kapata ndi Mchini ku Chipata, kaya m'midzi ya ku Pembamoyo m'boma la Vubwi. Bungwe la World Health Organisation linalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 amakumana ndi bvutoli pa moyo wake.

Azimai ambiri akafika ku cipatala amapempha mankhwala, ndipo amadabwa tikayamba kuwakweza pa sikelo. Cifukwa cake ndi ici: thupi likanenepa koposa kapena kuonda koposa, mankhwala sagwira bwino nchito.

Mafuta a m'thupi akaculuka amasokoneza mahomoni, ndiye kuti timadzi ta m'magazi tolamulira kukhwima kwa dzira. Mai amayamba kudumphitsa miyezi osasamba. Mapilitsi a clomiphene, amene amamwedwa masiku 5 pa mwezi kuti dzira likhwime, kawirikawiri amalephera pa mai wonenepa kwambiri. Akaima, ngozi ya kupita padera, shuga ndi kuthamanga kwa magazi imakula.

Naye mai woonda koposa amaleka kusamba, pakuti thupi limaona kuti lilibe cakudya cokwanira anthu awiri. Njala, nchito yakalavula gaga, TB ndi HIV zimacititsa zotere.

Mai wotalika mamita 1.6 ayenera kulemera pakati pa makilogilamu 48 ndi 63. Akafika 77, wanenepa koposa. Koma musataye mtima. Mai wa makilogilamu 80 akatsitsa 4 kufikira 8 cabe, nthawi zambiri kusamba kumabwerera m'malo mwake, ndipo ena amaima popanda mankhwala.

Cepetsani nthongo za nsima, vitumbuwa, saladi, shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera. Culukitsani ndiwo zamasamba, nyemba ndi kapenta, ndipo yendani ndawala mphindi 30 tsiku lililonse. Oonda aonjezere nshawa, mazira ndi mkaka, ndiponso apimidwe magazi.

Tidziwa kuti kwathu kunenepa ndi cizindikiro ca kusungidwa bwino, ndipo woonda amalozedwa cala. Apongozi ndi anansi, lekani kuseka mai amene atsata malangizo a cipatala.

Komabe sikelo singatsegule macubu otsekeka ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo nthawi zina bvuto lili kwa bambo. Caka cikatha popanda pathupi, pitani nonse awiri ku kiliniki ya pafupi. Kukafunika, adzakutumizani ku Chipata Central Hospital.