Kakazingidwe ka Tizidutswa ta Nkhuku

Ana a ku Manyame Park, mu mzinda wa Chitungwiza, akonda tizidutswa ta nkhuku tokukutika, tochedwa chicken nuggets m'Cingerezi. Kakonzedwe kace anakalongosola Robert Baker wa ku Cornell University, ku America, m'caka ca 1963, koma mai ali yense akhoza kutikazinga pakhomo.

Mai adula cidali ca nkhuku timagawo tating'ono, natithira mcere. Atipaka ufa wa tirigu, natibviika m'dzira lomenya, natikunkhuniza m'nyenyeswa za buledi wouma.

Nchito yeniyeni iri pa mafuta, amene ayenera kutentha madigiri 175. Akakhala ozizira, nyenyeswa zimwa mafutawo ndipo tizidutswa tilobodoka. Akatentha kopambana, kunja kupserera m'kati muli mwazi, ndipo nyama yotere idwalitsa m'mimba, makamaka ana. Tsono pa moto wa nkhuni, pamene magetsi azima, mai wanzeru ayamba waponya kanyenyeswa m'mafuta; kakacita thobvu ndi kufiira pang'onopang'ono, mafuta afikapo. Akazinga towerengeka nthawi imodzi, mphindi 5, nang'amba kamodzi kuti aone ngati m'kati mwayera.