Kuteteza ana m'mabungwe: zomwe antchito amaphunzira

Maphunziro oteteza ana amaperekedwa kwa antchito a sukulu, mipingo, zipatala, malo osungira ana amasiye ndi mabungwe ena pofuna kuti mwana asachitiridwe nkhanza ndi anthu omwe akuyenera kumusamalira. Ambiri amaganiza kuti cholinga chake ndi kusaka zigawenga pakati pa antchito. Ntchito yake yeniyeni ili pawiri: kukonza kagwiridwe ka ntchito ka tsiku ndi tsiku kuti wofuna kuzunza mwana asowe mpata, komanso kuonetsetsa kuti wantchito aliyense akudziwa chochita mwana akadandaula.

Maphunzirowa anayamba kulimbikitsidwa kwambiri mu 2002, pomwe kafukufuku wa UNHCR ndi Save the Children anaulula kuti ana othawa kwawo ku Liberia, Guinea ndi Sierra Leone amagonedwa ndi ena mwa anthu ogawa chithandizo posinthana ndi chakudya. Mu 2003 bungwe la United Nations linaletsa antchito ake kugonana ndi aliyense wosakwana zaka 18, posatengera malamulo a dziko lomwe akugwirako ntchito. Kuno ku Malawi maziko ake ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndipo kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Kukula kwa vutoli kunaonekera pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2013: pafupifupi mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18, ndipo anyamata pafupifupi awiri mwa atatu anamenyedwapo. Omwe analandira thandizo anali ochepa kwambiri.

Oyenera kuphunzira si akuluakulu a mu ofesi okha. Mlonda wa pageti, mayi wophika phala, dalaivala, wosesa ndi wachinyamata wongodzipereka ndiwo amakhala ndi ana nthawi yaitali, kawirikawiri popanda wowayang'anira. Bungwe lomwe limatumiza mabwana ake kukaphunzira ku hotela n'kusiya mlonda osadziwa kanthu langotaya ndalama.

Phunziro loyamba limakhala la mitundu ya nkhanza: kumenya, kugwiririra ndi kugwiragwira, kunyoza ndi kuopseza, kulekerera mwana osadya kapena osapita naye kuchipatala, ndiponso kumudyera masuku pamutu pomugwiritsa ntchito zolemetsa. Apa pamabuka mtsutso nthawi zonse, makamaka pa nkhani ya chikwapu, chifukwa ambiri mwa ophunzirawo anakula nacho. Wophunzitsa wodziwa ntchito sanyoza makolo a anthu. Amangosonyeza kuti mwana woopa aphunzitsi ake sangawafotokozere chinthu chochititsa manyazi chikamuchitikira.

Gawo lomwe limatsegula anthu maso ndi la kunyengerera. Wozunza mwana nthawi zambiri si mlendo wobisala kutchire. Amakhala munthu wodziwika, waulemu, wokondedwa ndi ana, yemwe makolo amamuyamika. Amasankha mwana wosowa, mwina wamasiye kapena wolumala, n'kuyamba pang'onopang'ono: lero sopo, mawa ndalama ya mandasi, kenako yunifolomu kapena mayunitsi. Amamutuma kukatunga madzi kunyumba kwake, amamuuza kuti atsale anzake akaweruka. Amayesa kaye ndi kachinsinsi kakang'ono kuti aone ngati mwanayo angasunge pakamwa. Pofika tsiku lomugwira, mwana amadziona kuti ali ndi ngongole, ndipo amaopa kuti akaulula anthu adzamufunsa chifukwa chomwe ankalandirira zinthuzo. Chilichonse mwa izi pachokha chimaoneka ngati chifundo, n'chifukwa chake antchito amaphunzitsidwa kuyang'ana mndandanda wa zochitika, osadikira umboni wa chinthu chachikulu.

Malamulo a kakhalidwe omwe wantchito aliyense amasainira amachokera pamenepa. Munthu wamkulu sakhala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Akafuna kulankhula naye payekha amakhala poonekera, pakhonde kapena pansi pa mtengo. Satenga mwana mmodzi pagalimoto kapena panjinga popanda wina, samuitanira kunyumba kwake, samupatsa mphatso mwamseri, samulembera pa WhatsApp usiku. Zithunzi za ana sizijambulidwa ndi foni ya munthu n'kuikidwa pa Facebook, ndipo pa chithunzi chololedwa ndi makolo salembapo dzina lonse la mwana ndi mudzi wake. Ena amakhumudwa poganiza kuti akukayikiridwa. Komatu malamulowa amatetezanso wantchito wosalakwa, pakuti amene sanatsekerepo chitseko ali ndi mwana n'kovuta kumunamizira.

Chovuta kwambiri kuchiphunzira ndi mphindi zoyamba mwana akayamba kulankhula. Nthawi zambiri amayamba motere: "Madamu, ndikuuzeni kanthu, koma musauze munthu." Mtima wa munthu wamkulu umafuna kuvomera msanga, koma lonjezo limenelo silingasungidwe, ndipo mwana akadzazindikira kuti laphwanyidwa sadzalankhulanso. Yankho loyenera ndi loona: "Ndikumvetsera. Ngati wina akukupweteka ndiyenera kuuza munthu amene angakuthandize, koma sindiuza wina aliyense." Kenako wamkulu amakhala pansi molingana ndi mwana, osakuwa, osagwira pakamwa modabwa, osatukwana wotchulidwayo, yemwe mwina ndi malume ake omwe amamulipirira fizi. Mafunso amakhala ochepa ndi otseguka, monga "Kenako chinachitika n'chiyani?" Funso loika mawu m'kamwa mwa mwana, monga lotchula dzina la munthu, likhoza kuwononga mlandu kukhoti. Funso lakuti "Bwanji sunakuwe?" limamuuza mwana kuti wolakwa ndi iye. Mawu awiri omwe ayenera kumva ndi akuti wachita bwino kunena komanso kuti vutolo si lake. Akamaliza, wantchito amalemba tsiku lomwelo zomwe wamva, m'mawu a mwanayo, osakonza kapena kukometsera.

Wantchito si wapolisi. Sakafunsa woganiziridwayo, saitana mboni, savula mwana kuti aone zipsera. Udindo wake ndi kupereka nkhaniyo kwa munthu yemwe bungwe linamusankha kulandira madandaulo otere, ndipo mabungwe ambiri amati izi zichitike pasanathe maola 24. Safunika umboni kuti anene. Kukayika kokhala ndi chifukwa n'kokwanira. Payeneranso kukhala njira yachiwiri, chifukwa nthawi zina wodandaulidwayo ndi yemweyo wolandira madandaulo.

Kuchokera pamenepo nkhani imapita ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma ndi ku nthambi ya Victim Support ya polisi. Nambala yaulere ya 116, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba, imalandira mafoni a ana ndi akuluakulu omwe. M'zipatala zina, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo a Chikwanekwane komwe dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi kuti mwana asamangobwereza nkhani yake khomo ndi khomo. Mwana wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV sagwira ntchito akachedwa kuposa apo. Ngati n'kotheka asasambe, ndipo zovala zake zisachapidwe.

Pali chizolowezi chomwe maphunzirowa amalimbana nacho mosabisa: kuthetsa nkhani pachibale. Akuluakulu amakumana, wolakwa amalipira mbuzi kapena ndalama, mwana amauzidwa kuti akhale chete. Mabungwe nawo ali ndi njira yawo, yongomusamutsa munthuyo kapena kumulola kusiya ntchito mwakachetechete kuti dzina la bungwe lisaipe. Zotsatira zake n'zakuti amakapeza ntchito kwina komwe kuli ana ena. Kugwiririra mwana ndi mlandu wa boma, ndipo mfumu, m'busa kapena mkulu wa bungwe alibe mphamvu youthetsa. Pa chifukwa chomwechi, olemba anthu ntchito amaphunzitsidwa kufuna kalata ya kupolisi ndi kuimbira foni komwe munthuyo ankagwira kale. Kalata ya kupolisi payokha siikwanira, pakuti imangoonetsa omwe anagwidwapo.

Maphunziro a tsiku limodzi, othera pa kusaina ndi kulandira alawansi, amaiwalika msanga. Amafunika kubwerezedwa chaka ndi chaka, m'chilankhulo chomwe wophika phala akumva, ndi masewero oyeserera momwe wina amakhala mwana wodandaula. Watsopano aliyense aphunzire asanayambe kukhala ndi ana. Anawo ayeneranso kuuzidwa zomwe wantchito saloledwa kuchita ndi komwe angakanene. Oyendera mabungwe amayesa zonsezi pofunsa mlonda kapena mwana wa Sitandade 4 dzina la munthu wolandira madandaulo, ndiponso poona m'kaundula ngati madandaulo akulembedwa ndi kutsatiridwa. Kaundula wopanda kanthu kwa zaka zingapo amawapatsa nkhawa kuposa wodzaza, chifukwa kawirikawiri amatanthauza kuti ana ndi antchito akuopa kunena.