Kusankha matayala otsika mtengo a galimoto zing'onozing'ono zaliwiro

M'misewu ya m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu mwadzaza galimoto zing'onozing'ono zotchedwa hatchback, zija chitseko chake chakumbuyo chimatsegukira m'mwamba. Pakati pa galimotozi pali zina zomwe adazipanga kuti zizinyamuka mwamsanga ndi kukhota mosavuta, monga Suzuki Swift Sport, Toyota Vitz RS, Honda Fit RS ndi Volkswagen Polo GTI. Zambiri zimalowa m'dziko muno zitagwirako kale ntchito ku Japan kapena ku South Africa, ndipo eniake amazikonda chifukwa sizimwa mafuta kwambiri chonsecho zimayankha msanga woyendetsa akaponda moto.

Chisangalalo chimachepa tsiku lomwe matayala atha. Galimoto zotere zimavala matayala aakulu m'lifupi koma aafupi m'mbali, omwe mtengo wake umaposa wa matayala a galimoto wamba. Popeza matayala onse a galimoto zotere amachokera kunja, kugwa kwa ndalama ya kwacha, monga kwa mu November 2023 pomwe idatsika ndi 44 peresenti, kumamvekera m'thumba la wogula nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ambiri amangofunsa tayala lotsikitsitsa mtengo lomwe lingalowe pa limu.

Kufuna kupulumutsa ndalama si kulakwa. Nkhani yagona pa kudziwa pomwe munthu angachepetse ndalama popanda chiopsezo, ndi pomwe sayenera kuchepetsa. Dzina lotchuka la kampani, kuchepa kwa phokoso ndi kukongola kwa tayala ndi zinthu zomwe wogula angazisiye. Saizi yoyenera, msinkhu wa tayala ndi mphamvu yake yogwira msewu wonyowa ndizo sizifuna kunenerera.

Manambala a m'mbali mwa tayala

Tayala lililonse limadzifotokoza lokha kwa yemwe adziwa kuwerenga m'mbali mwake. Swift Sport yopangidwira ku Japan pakati pa 2005 ndi 2010 imavala matayala olembedwa 195/50 R16 84V. Nambala ya 195 ndi mulifupi wa tayala m'mamilimita. Ya 50 ikutanthauza kuti kutalika kwa khoma la m'mbali ndi theka la mulifupiwo, omwe ndi mamilimita pafupifupi 98. Chilembo cha R chikunena za kalukidwe ka nsambo za m'kati, pomwe 16 ndi kukula kwa limu m'mainchesi.

Zizindikiro ziwiri zotsiriza ndizo ambiri amazidumpha. Nambala ya 84 ikuimira katundu yemwe tayala limodzi lingasenze, yemwe ndi makilogalamu 500. Chilembo cha V chikuimira liwiro lomwe tayala lingapirire, makilomita 240 pa ola. Chilembo cha T chimaimira 190, H 210, ndipo W 270.

Palibe msewu m'dziko muno womwe malamulo amalola liwiro lotero, choncho wina angaganize kuti chilembocho n'chopanda ntchito. Koma tayala lolembedwa V kapena W limakhala lomangidwa molimba ndiponso lopirira kutentha, zomwe zimathandiza ngakhale pa liwiro wamba m'miyezi ya October ndi November pomwe phula limawotcha. Lamulo losavuta n'lakuti nambala ya katundu ndi chilembo cha liwiro zisatsike kuposa zomwe adalemba opanga galimoto. Izi zimapezeka pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa kapena m'buku la galimotoyo.

Mayeso enieni ali pa msewu wonyowa

Galimoto yonse imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo aliwonse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu. Mabuleki, chiwongolero ndi mphamvu ya injini, zonse zimadalira tizigawo tinayi timeneti. Pa msewu wouma, matayala ambiri atsopano amagwira bwino ndithu, ndipo woyendetsa wamba sangasiyanitse lodula ndi lotchipa. Kusiyana kumaonekera mvula ikagwa.

Ngalande za pa tayala ntchito yake ndi kukankhira madzi kumbali kuti labala akhudze phula. Madzi akachuluka kuposa momwe ngalandezo zingachotsere, tayala limayandama ndipo chiwongolero chimapepuka ngati galimoto yayimikidwa pa jeke. Pa nthawiyo, kuponda buleki kapena kukhotetsa sikuthandiza kanthu. Kuwonjezera pa ngalande, msakanizo wa labala nawo ndi wofunika: opanga matayala abwino amaikamo silica kuti labala azimamatira pa phula lonyowa, ndipo apa ndi pomwe matayala otchipitsitsa amabisa kuperewera kwawo, chifukwa maso sangaone.

Wogula ali ndi zomuthandiza ziwiri. Choyamba ndi chizindikiro cha bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union, chomwe chidayamba kugwira ntchito mu November 2012 ndi kukonzedwanso mu May 2021. Ndi pepala lomatidwa pa tayala latsopano losonyeza zinthu zitatu: kamwedwe ka mafuta, phokoso ndi kagwiridwe ka msewu wonyowa. Kagwiridweka kamayikidwa m'magulu kuyambira A mpaka E. Pomwe chizindikirochi chinkayamba, adafotokoza kuti galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola pa msewu wonyowa ingaime msanga ndi mamita okwana 18 ikavala matayala a gulu lapamwamba poyerekeza ndi a gulu lotsikitsitsa. Mtunda umenewu ukuposa galimoto zinayi za mtundu wa Swift zitandanda. Pa msewu wa Masauko Chipembere mvula ikugwa, minibasi itaima mwadzidzidzi kutsogolo, mamita amenewa ndiwo amalekanitsa kudzidzimuka chabe ndi ngozi.

Chachiwiri ndi zilembo za dongosolo la ku America la UTQG, zomwe zimadindidwa m'mbali mwa matayala ambiri. Mawu oti Traction amatsatidwa ndi AA, A, B kapena C, kusonyeza kaimidwe pa msewu wonyowa, pomwe Temperature imatsatidwa ndi A, B kapena C, kusonyeza kupirira kutentha. Kwa galimoto yaliwiro, kusankha A kapena B pa chizindikiro cha ku Ulaya, ndi AA kapena A pa Traction, ndi poyambira pabwino.

Pakati pa odula ndi otchipitsitsa

Msika wa matayala uli ndi magawo atatu. Pamwamba pali mayina monga Michelin Pilot Sport, Bridgestone Potenza ndi Goodyear Eagle F1. Pansi pali matayala a mayina omwe wogula sadawamvepo, ena okhala ndi ngalande zooneka ngati mivi ndi mawu oti Sport kapena Racing olembedwa mokopa maso. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: maonekedwe a ngalande sanena kanthu za labala yemwe adagwiritsa ntchito.

Phindu la wogula wosamala ndalama lili pa gawo lapakati. Apa pali makampani omwe ali ndi malo awoawo oyesera matayala koma mitengo yawo ndi yotsikirapo, monga Hankook, Kumho ndi Nexen a ku South Korea, Falken ndi Toyo a ku Japan, komanso Maxxis a ku Taiwan. Palinso mayina omwe eniake ndi makampani akuluakulu: Firestone ndi ya Bridgestone, BFGoodrich ndi ya Michelin, ndipo General Tire ndi ya Continental.

Dzina lokha silokwanira, pakuti kampani imodzi imapanga mitundu yambiri yosiyana khalidwe. Bungwe la oyendetsa galimoto la ADAC ku Germany, komanso magazini a Auto Bild ndi Auto Express, amayesa matayala chaka ndi chaka ndipo zotsatira zake zimapezeka pa intaneti. Kulemba dzina lonse la tayala pa foni n'kuona momwe lidachitira pa msewu wonyowa kumatenga mphindi zochepa. Tayala lomwe silipezeka m'mayeso alionse, lilibe chizindikiro cha ku Ulaya ndiponso lilibe chilembo cha E chozingidwa m'mbali mwake, wogula alitalikire.

Pali msampha winanso womwe umakola okonda liwiro. Matayala monga Nankang NS-2R ndi Federal 595 RS-R adawapangira mabwalo a mpikisano. Ali ndi ngalande zochepa ndi labala wofewa, choncho amagwira kwambiri pa phula louma, koma amatha msanga ndipo sachotsa madzi ochuluka. Kwa galimoto yopita kuntchito tsiku ndi tsiku, dzinja ndi chilimwe, tayala wamba la gulu laliwiro ndilo loyenera.

Maenje ndi khoma lalifupi

Tayala la khoma lalifupi limapangitsa galimoto kuyankha msanga pokhota chifukwa silipindika kwambiri. Koma khoma lomwelo ndilo limateteza limu galimoto ikagwera m'dzenje. Swift Sport zotsatira zimavala 195/45 R17, zomwe khoma lake ndi mamilimita 88, pomwe 205/40 R17 ya Ford Fiesta ST ili ndi mamilimita 82 okha. Tayala lotere likamenya m'mphepete mwa dzenje, limapanikizika pakati pa phula ndi limu, nsambo za m'kati n'kuduka, kenaka m'mbali mumatuluka chotupa. Chotupacho sichikonzeka, ndipo tayalalo lingaphulike nthawi ina iliyonse.

N'chifukwa chake kukweza limu kuchoka pa mainchesi 16 kupita pa 17 kapena 18 pofuna kukongoletsa galimoto kumawonjezera ndalama kawiri: pogula ndi posintha matayala owonongeka. Yemwe amayenda kawirikawiri m'misewu ya maenje angachite bwino kutsika. Matayala a 195/50 R16 ndi 195/45 R17 amasiyana ndi mamilimita 6 okha pa kutalika konse, koma loyambalo lili ndi khoma lotalikirapo ndi mamilimita pafupifupi 10. Chofunika n'kutsimikiza kaye kuti limu yaing'onoyo sikukhudza mabuleki. Matayala olembedwa XL amamangidwa molimbirapo kuti asenze katundu wochuluka, ndipo ambiri a saizi zimenezi amapezeka otero.

Matayala akaunjika ndi a chipale chofewa

Matayala ogwirako kale ntchito amakopa chifukwa cha mtengo, koma masamu ake nthawi zambiri sakomera wogula. Tayala latsopano limakhala ndi ngalande zakuya mamilimita 7 kapena 8. M'kati mwa ngalandezo muli timizere totukuka tomwe timafanana ndi pamwamba pa tayala kuya kukatsala mamilimita 1.6, kusonyeza kuti latha. Choncho tayala la mamilimita 8 lili ndi 6.4 ogwiritsa ntchito, pomwe lakaunjika lotsala ndi mamilimita 4 lili ndi 2.4 okha. Kuligula pa theka la mtengo wa latsopano ndi kulipira theka pa chinthu chomwe chatsala ndi moyo wongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Komanso mphamvu yochotsa madzi imayamba kuchepa kwambiri kuya kukafika pa mamilimita 3.

Msinkhu wa tayala umadziwika ndi manambala anayi omwe ali kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2322 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Labala amauma ndi kung'aluka ngakhale tayala litangokhala m'sitolo. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala lomwe lagwira ntchito zaka zisanu liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo lokwana zaka khumi chipangidwire lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Wogula achenjerenso ndi matayala omwe ngalande zake adachita kuzisemanso ndi chitsulo chamoto, pakuti labala wa tayala la galimoto yaing'ono ndi wopyapyala ndipo kusemako kumafika pafupi ndi nsambo.

Galimoto zina zochokera ku Japan zimafika zitavala matayala a nyengo ya chipale chofewa. Amadziwika ndi mawu oti Studless, timing'alu tambirimbiri tokhotakhota pamwamba pake, ndi mayina monga Blizzak, Winter Maxx kapena iceGUARD. Ambiri ali ndi chilembo cha Q, choimira makilomita 160 pa ola. Labala wake adapangidwira kuzizira koopsa, kotero pa phula lotentha amafewa, amatha msanga ndipo galimoto imachedwa kuima, makamaka pa msewu wonyowa. Ngakhale ngalande zake zikhale zakuya, si oyenera nyengo ya kuno.

Ndalama zikakwanira awiri okha

Si onse angagule matayala anayi pakamodzi. Zikatero, awiri atsopanowo akhale a mtundu umodzi ndipo avekedwe mbali zonse ziwiri za ekiselo imodzi. Opanga matayala amalangiza kuti atsopano apite kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi miyendo yakutsogolo monga momwe zilili hatchback zambiri. Chifukwa chake n'chakuti kutsogolo kukaterereka woyendetsa amamva pa chiwongolero ndipo amachepetsa liwiro, koma kumbuyo kukaterereka galimoto yaifupi imazungulira mwadzidzidzi.

Poveka, mmisiri atsate zolembedwa m'mbali. Tayala lokhala ndi muvi ndi mawu oti Rotation limazungulira mbali imodzi yokha, ndipo lolembedwa Outside lili ndi mbali yomwe iyenera kuyang'ana kunja. Likavekedwa mozondoka silichotsa madzi momwe adalipangira. Ndalama ya alignment ndi balancing iwerengeredwe pamodzi ndi mtengo wa matayala, chifukwa miyendo yosalunjika imadya tayala latsopano mbali imodzi m'miyezi yochepa. Mpweya nawo uziyezedwa kamodzi pa mwezi matayala ali ozizira, motsata kapepala ka pa chitseko, pakuti tayala lochepa mpweya limatentha, limawonjezera kamwedwe ka mafuta ndipo silichedwa kutupa likagunda dzenje.

Mvula yoyamba imagwera pa phula lodzaza fumbi ndi mafuta odontha m'galimoto kwa miyezi yambiri, ndipo msewu umaterera kuposa nthawi ina iliyonse. Mwini galimoto yemwe matayala ake ayandikira timizere tija, nthawi yabwino yofunsa mitengo ndi kuyerekeza zizindikiro ndi mwezi wa September kapena October, mitambo isanayambe kusonkhana.